Kumbuyo Kunali Mpongozi ndi Mkamwini Wake

Ine mpira sindinaumenyepo chibadwire. Mwendo wanga wakumanja unafota ndili mwana, ndipo mpaka lero ndimayenda ndi ndodo. Koma mutafunsa aliyense amene anakhalapo ku Chipoka zaka zija nkhondo yachiwiri itangotha, ngati alipo amene atsala, angakuuzeni kuti pabwalo la mpira pankaima telala wina wotsimphina amene akakuwa mawu ake ankafika mpaka kudoko. Telalayo ndine. Pakamwa pomwepa ndi pamene panachotsa achimwene anga m'bwalo la mpira, ndipo panatsala pang'ono kundichotsa inenso pakhomo pawo.

Achimwene anali oyamba kubadwa, ine chitsiriza. Tinasiyana zaka zambiri, moti mwana wawo woyamba, wamkazi, tinachita ngati takulira limodzi. Bambo athu anamwalira ndisanadziwe nkhope yawo, ndiye bambo amene ndinkawadziwa anali achimwenewo. Ndi iwo ankandibereka kumsana popita nane kuchipatala nthawi imene mwendo unkavuta. Pobwera kuchokera kunkhondo anatenga zinthu ziwiri zimene anthu anazikamba mwezi wathunthu: makina osokera, ndi mpira wachikopa weniweni, wokhala ndi chubu m'kati ndi pakamwa pomanga ndi chingwe ngati nsapato. Makinawo anali opukusa ndi dzanja, osati opalasa ndi phazi. Anachita kusankha dala. Pondipatsa anangoti, "Mwendo ulibe, koma manja uli nawo. Usadzapemphe munthu mchere." Ndinakhazika makinawo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteshoni, ndipo ndadyera pomwepo moyo wanga wonse.

Mpira uja ndi umene unabala timu yathu. Munali asodzi, munali onyamula matumba padoko, munalinso alimi a thonje awiri kapena atatu ochokera chakumtunda. Ena anali Asilamu, ena Akhristu, ndiye Lachisanu silinkatheka, Lamulungu silinkathekanso. Tinkasewera Loweruka masana. Ndikuti tinkasewera ngakhale ine ndinkangoima kunja kwa mzere, ndipo amene anachemererapo timu sangandifunse chifukwa chake. Bwalo linali kuseri kwa siteshoni, theka mchenga, theka minga. Magolo anali a nsungwi, ndipo ukonde wake unali wakale wa goloboyi wathu, msodzi wachisilamu wamanja aakulu ngati zopalasira bwato. Akabudula onse ndinasoka ndine. Koma mpira weniweniwo sindinkaloledwa kuukhudza ndi singano. Masewero akatha achimwene ankautola okha, kuupukuta ndi malaya, kukaupaka mafuta kunyumba, ndipo ukasosoka pena ankausoka ndi manja awo. Ndinkawaseka kuti mpirawo ankausamala kuposa mmene ankasamalira alamu anga.

Masiku amenewo kaimidwe kanali kosiyana ndi ka lero. Kutsogolo kunkakhala anthu asanu, pakati atatu, kumbuyo awiri okha, kenako goloboyi. Awiri akumbuyowo tinkawatcha mabaki. Achimwene ankaima kumanja, ndipo kumanzere kwawo kunkaima mnzawo amene anali naye limodzi kunkhondo. Awiriwo ankatukwanana m'bwalo, ankakankhana, wina akachedwa mnzake ankamukuwa ndi dzina la paubwana, koma pakati pawo sipankadutsa kanthu. Zaka zingapo tinazolowera kupita kubwalo mtima uli m'malo. Kenako dzinja lina mnzawoyo anakwera sitima kukafuna ntchito ku Halale, ndipo malo akumanzere aja anatsala opanda munthu.

Mpira unkayamba mvula ikatha, udzu ukatchetchedwa, mwera ukayamba kuwomba n'kumatsekera asodzi kumtunda. Chaka chimenecho, tisanayambe, achimwene ananena kuti pamalo paja paime mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wamkazi uja. Palibe anatsutsa. Choyamba, mpira unali wawo. Chachiwiri, munthuyo anali woyenera. Ankanyamula matumba padoko, chifuwa chili apo, ndipo ankathamanga pamchenga ngati akuthamanga pamsewu. Ine ndinasangalala kuposa onse. Ndinkauza aliyense wobwera kudzasoketsa kuti chaka chino goloboyi wathu azibwera ndi mphasa, azigona pagolo.

Chimene sindinachiganize n'chakuti mkamwiniyo analeredwa kumudzi kwenikweni, chakumtunda, kumene mwambo sunkasewerewa nawo. Akakumana ndi apongozi ake panjira ankapatuka n'kulowa paudzu, kuvula chipewa, kunjuta n'kuwomba m'manja chapansipansi mpaka adutse. Sankadya nawo mbale imodzi. Sankawayang'ana kumaso. Akamalankhula nawo mawu ankachita kutuluka ngati a munthu wodwala. Tonse tinkaziona zimenezi tsiku ndi tsiku n'kumati achimwene anapeza mkamwini waulemu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzifunsa kuti ulemu umenewu m'bwalo la mpira udzaima pati.

Masewero oyamba anali ndi a ku Chitala, amene anabwera pa lole ya thonje atatuwa ndi fumbi. Anthu amenewa tinkawagonjetsa chaka ndi chaka. Tsiku limenelo tinamwa zigoli zinayi, ife n'kubweza chimodzi. Ndipo zonse zinalowa mofanana. Mpira unkaponyedwa m'mwamba n'kudzagwa pakati pa mabaki athu awiri. Mkamwini ankathamanga, n'kufika woyamba ndithu, kenako chiriri, kuima. Achimwene ankatembenuka mochedwa. Pamenepo wa ku Chitala wadutsa kale pakati pawo, watsala ndi goloboyi basi.

Ndinakuwa tsiku limenelo mpaka kukhosi kunauma. "Akamwini, menyani! Mukudikira chiyani, kalata?" Anthu ankaseka, ine osaseka. Ndinkamenya ndodo yanga pansi mpaka inang'aluka kunsonga. Masewero atatha goloboyi anadutsa pamene ndinaima akupukusa mutu, nati, "Wallahi, telala, ukonde umenewu uli m'madzi sunakolepo chonchi."

Sabata yonse khonde langa linasanduka bwalo la milandu. Munthu ankabwera ndi malaya ong'ambika, n'kuiwala malayawo, n'kuyamba za mabaki. Ena ankati vuto ndi mwera, unkakankha mpira. Ndinawafunsa ngati mwerawo unkawomba ife tokha. Ena anati a ku Chitala anakwirira mankhwala pagolo, ndipo anthu anapitadi ndi makasu, anakumba mpaka nsanamira inapendama, n'kupezamo phale ndi chigoba cha nkhono basi. Ine ndinali ndi yankho langa, ndipo ndinkalinena mokweza. Mkamwiniyo ndi wamantha. Thupi lalikulu, mtima wa nkhuku.

Loweruka lotsatira tinapita kukasewera ndi timu ya asodzi a gombe lina. Ndinakwezedwa panjinga ya munthu kuti ndikafike. Tinamwa zitatu. Kutsogolo anyamata athu ankayesetsa, anagoletsa ziwiri zabwino zedi, koma ungatunge bwanji madzi ndi chidebe chobooka? Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali kugonja ayi. Chinali kuima pamenepo ukuchiona chigoli chikubwera, ukudziwa pamene chidzere, ukudziwa chimene munthu ayenera kuchita, koma mwendo ulibe. Wosewera akalakwitsa amathamanga n'kukonza, kapena amatuluka thukuta mkwiyo n'kuthera momwemo. Wochemerera amapita nawo kunyumba mkwiyo wonse, n'kukagona nawo. Ine ndinkasoka mzere wokhota Lolemba lililonse.

M'kati mwa sabata imeneyo mkamwini uja anabwera pakhonde ndi kabudula wong'ambika pathumba. Pamwambo inenso ndinali mpongozi wake, popeza mkazi wake anali mwana wa achimwene, ndiye ananjuta chapatali n'kundipatsa kabudulayo ndi manja awiri. Panalibe munthu wina. Ndinati lero ndi lero.

"Akamwini, tandiuzani. Miyendo yanuyi ndi yokongoletsa?"

Anazyolika. "Iyayi, bambo."

"Nanga bwanji mumafika pampira n'kuima? Mumaopa chiyani? A ku Chitala aja, owonda ngati mapesi?"

Anatokosa mchenga ndi chala. Kenako anati, "Bambo, mpira ukamagwa pakati pa ine ndi abambo, ine ndiwadutse kutsogolo? Nanga ndikawagunda, iwo n'kugwa pansi anthu onse akuona, kunyumba ndikalowa ndi nkhope yanji?"

"Ndiye akuweni! Nenani kuti wanga, asiye!"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana ngati ndamuuza kuti avule pamsika. "Ndiwakuwe apongozi?"

Ndinasiya kupukusa makina. Ha, abale! Munthu amene ndinkamunena wamantha sabata ziwiri zathunthu ankachita m'bwalo zomwe ankachita panjira. Ankapatuka kuti apongozi adutse. Ankawasiyira mpira monga mmene munthu amasiyira wamkulu kuti ayambe kusamba m'manja. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kumuponyera sizasi. Ndinamuuza kuti m'bwalo mulibe chipongozi, muli mpira basi. Anavomera, "Ndamva, bambo," koma ndinaona kuti wangovomera chifukwa nanenso ndinali mpongozi.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga, ndipo sindiuzemba. Tsopano ndinali nditadziwa chimene chinkavuta. Chofunika chinali chapafupi: kupita kwa achimwene, kukhala nawo pansi, n'kuwauza kuti inu ndi mkamwini wanu simungaime limodzi, wina asunthe. Ndinapitadi. Nyumba yawo inali kutsidya kwa njanji, kumudzi kwa alamu. Ndinawapeza akupota chingwe kuseri kwa nyumba, mpira uli pambali wopakapaka mafuta. Anandilandira, "Wabwera, mphwanga? Khala." Tinakamba za thonje. Tinakamba za denga la amayi limene linkafuna udzu. Alamu anabweretsa madzi akumwa n'kuika chikho kumanzere kwawo, ndipo achimwene anafunsa kuti madzi aja ali kuti, chikho chili pomwepo pafupi ndi bondo lawo. Alamu anachikankhira kutsogolo. Ndinaziona, koma mutu wanga unali pa mawu amene ndinabwera nawo, ndiye sindinaziganizire. Ndipo mawuwo sanatuluke. Ndikati nditsegule pakamwa ndinkaona makina aja, ndinkaona msana umene unandibereka. Ndinatsanzika n'kubwerera ndi mawu anga m'mimba.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti ine ndi mkamwini uja tinkasiyana pati. Iye ankaopa kudutsa kutsogolo kwa wamkulu, inenso chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ulemu wake unali umodzi, panjira ndi m'bwalo momwe. Wanga unkatha ndikangoima pakati pa anthu. Tikakhala awiri lilime linkalemera, koma pagulu, pamene mawu ako amasakanikirana ndi a anzako, ndinkakhala wolimba mtima zedi.

Masewero achitatu anali aakulu, ndi timu ya anthu ogwira ntchito panjanji ochokera ku Salima. Anabwera pa sitima, ena atavala jombo, pamene athu onse ankasewera opanda nsapato. Anthu anadzaza bwalo mbali zonse, amayi ogulitsa chinangwa chophika, ana m'mitengo, ngakhale ashehe amene sankabwera kumpira anaima chapatali ndi ambulera yawo. Mbiri ya mabaki athu inali itafika kale ku Salima. Alendowo sanavutike n'kuganiza. Akangoupeza mpira ankauponya pamalo amodzimodzi, pakati pa achimwene ndi mkamwini, chakumanzere kwa achimwene. Pofika popumulira tinali titamwa zitatu.

Chigawo chachiwiri anyamata athu anadzuka. Anagoletsa chimodzi, kenako china. Bwalo linagwedezeka. Ine ndinaiwala kuti ndine wolumala, ndinkadumpha ndi mwendo umodzi. Chigoli chimodzi chokha kuti tifanane, ndipo nthawi inalipo. Kenako wa jombo wina anauponya m'mwamba, ulesiulesi, mpira woti ngakhale ine ndikanaumenya ndi ndodo. Unagwa pamalo paja. Mkamwini anafika, mwendo anaukweza ndithu, kenako anayang'ana apongozi ake n'kuubweza. Achimwene anali akuyang'ana kwina, akuufuna mpira kumene kunalibe. Unadunda kawiri pambali pawo penipeni. Wa ku Salima anangoutenga ngati wapatsidwa.

Mpira usanatoledwe n'komwe mu ukonde, bwalo lili zii, mawu anatuluka. Sindinawaganize, koma sindinganame kuti sanali anga.

"Achimwene, tulukani m'bwalomo! Mwakalamba! Kodi maso mulibe? Mpira ukudutsa pamphuno panu! Mukutichititsa manyazi, musiyireni mwanayo asewere!"

Mawu anga ndanena kale kuti ankafika kudoko. Panalibe amene sanamve. Woimbira anaima ndi wezulo pakamwa osaiimba. Amayi ena anagwira pakamwa. Achimwene anatembenuka, osati maso okha koma mutu wonse ndi mapewa omwe, kufuna pamene ndinaima, ndipo atandipeza anandiyang'ana nthawi yaitali. Mkamwini anakhala pansi chonjuta m'bwalo momwemo, mutu pakati pa mawondo, ngati wotukwanidwayo ndi iye.

Achimwene anasewera mpaka kumapeto. Sindikumbuka kuti masewerowo anatha bwanji, kaya tinamwanso china kaya ayi. Wezulo yomaliza italira anatola mpira, anaupukuta ndi malaya monga mwa masiku onse, n'kuwoloka njanji okha. Anthu amene sabata zonsezi ankadzaza khonde langa akunena zomwezo anandidutsa ngati sakundidziwa. Goloboyi yekha anaima pang'ono, nati, "Munthu wamkulu, pamaso pa mkamwini wake? Aaa, telala." Anapita.

Ndinapita kunyumba ndikudzilimbitsa mtima kuti ndanena zoona, wina ankayenera kunena. Ndinadziuza zimenezo njira yonse.

M'mawa mwake, anthu atatuluka kutchalitchi, alamu anabwera kunyumba kwanga. Sanagogode, sanalandire mpando. Alamu anga anali munthu wosachedwa kupsa mtima ngati ine ndemwe, ndipo tinkagwirizana chifukwa cha chimenecho, koma tsiku limenelo analankhula motsitsa, ndipo ndinaopa.

"Alamu, mwafunsa dzulo ngati akulu anu ali ndi maso. Ndabwera kudzakuyankhani. Lakumanzere linafa."

Alamu anapitiriza.

"Linayamba chifunga chaka chatha. Pano saona nalo ngakhale dzanja lawo. Wodziwa ndine ndekha, ndipo anandiletsa kuuza munthu, ngakhale amayi anu. Mukuganiza kuti mkamwini anamuika kumanzere kwawo chifukwa chiyani? Anati mnyamatayu ndi wamphamvu, aziwaonera mbali imeneyo, iwo azisamala kumanja, mwina angasewereko chaka chimodzi chokha, chomaliza."

"Nanga osamuuza bwanji mkamwiniyo?" Ndinafunsa.

"Amuuze? Mpongozi akagwade kwa mkamwini kuti mwana wanga, diso langa lafa, uzindithandiza? Inu mukanatero?" Anakonza mpango kumutu. "Mwamuna wanga sanadye dzulo. Mpira umene uja ndi umene unkamudzutsa m'mawa chibwerere kunkhondo. Zimene anaona kumeneko sanandiuzepo, koma Loweruka lokha ndi limene ankaseka ngati munthu. Basi, ndapita."

Ndinakhala pakhomo mpaka dzuwa linafika pamutu. Chikho chija chinabwera m'maganizo mwanga, pafupi ndi bondo lawo. Anthu atatu tinali ndi chidutswa aliyense. Achimwene ankadziwa za diso, mkamwini ankadziwa chifukwa chimene ankaimira, ine ndinkadziwa za mkamwini. Tikanakhala pamphasa imodzi kwa kanthawi kochepa nkhani ikanatha. Koma aliyense ankalemekeza mnzake, ndipo ulemuwo ndi umene unatidyetsa zigoli sabata zitatu, mpaka wopusa mmodzi anauswa pamalo olakwika. Ndinalira tsiku limenelo, sindibisa.

Lolemba m'mawa ndili pamakina ndinaona chithunzithunzi pakhonde. Anali achimwene, mpira uli m'khwapa. Ndinafuna kudzuka, ndodo inagwa. Iwo anaika mpirawo pathebulo, n'kuloza pamene panasosoka.

"Atelala, musoke apa. Mukatha mukapereke kwa goloboyi, azisunga ndi iye."

Atelala. Chibadwire changa anali asananditchulepo choncho, ankangoti iwe, kapena mphwanga. Ndinati, "Achimwene, ndalakwa," koma anali atatsika kale pakhonde. Mpira umene kwa zaka zonsezi sankalola kuti ndiukhudze ndi singano unali pathebulo panga. Nditauyang'anitsitsa ndinaona kuti malo amene anasoka iwo chaka chimenecho anali okhotakhota, ulusi wina utalumpha chikopa. Ndinasoka pong'ambikapo pokha. Mizere yawoyo sindinaimasule.

Patapita masiku ndinagwira tambala n'kuwoloka naye njanji. Kugwada ndi mwendo wanga n'kovuta, koma ndinagwada, pamaso pa alamu, n'kupepesa. Achimwene analandira tambalayo, nati, "Zatha." Alamu anaphika, tinadya. Koma ankandilankhulabe ngati mlendo wolemekezeka, mwadzuka bwanji, ntchito ikuyenda, pitani bwino. Ndikanakonda akanandimenya mbama. Ndipo kubwalo sanapondekonso, ngakhale kudzaonerera.

Tsopano chimene chimandivuta kunena ndi ichi. Timu inachira. Pamalo pa achimwene anaikapo msodzi wina wamsinkhu umodzi ndi mkamwini, ndipo mkamwini uja anasanduka munthu wina. Ankakuwa, ankakankha, ankalumphira mpira ndi mutu pakati pa jombo. Mnzake akachedwa ankamutukwana bwalo lonse likumva, munthu yemwe uja wa mawu a wodwala. Tinapambana masewero otsatira, ndi enanso. Anthu anabwereranso pakhonde panga, ena mpaka kumati telala ndiye anakonza timu. Ndinkawauza kuti ngati alibe chosoketsa achoke. Kubwalo ndinkapitabe, pakuti sindikanatha kukhala kunyumba ndikumva phokoso, koma ndinkaima duu.

Chakumapeto kwa nyengo, kutayamba kutentha, a panjanji aja anabweranso. Anayesa njira yawo yakale, kuponya pakati pa mabaki, koma ulendo uno anapeza khomo lotseka. Tinawagonjetsa ziwiri kwa duu. Goloboyi sanatole mpira mu ukonde ngakhale kamodzi. Anthu ananyamula mkamwini pamapewa, iye akuyang'anayang'ana kutsidya kwa njanji. Ine ndinachoka anthu akuvinabe n'kulunjika komweko.

Ndinawapeza achimwene kuseri kwa nyumba, pamalo paja, chingwe chili m'manja koma osapota. Kuchokera pamenepo phokoso la kubwalo linkamveka bwinobwino. Ndinazindikira kuti Loweruka lililonse ankakhala pomwepo. Ndinakhala pansi chapatali pang'ono, osadziwa poyambira.

"Zatha bwanji?" anafunsa.

"Tapambana, achimwene. Ziwiri."

"Iwo?"

"Sanagoletse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Kumbuyo kunali bwanji?"

Ndinafuna kunama. Ndinafuna kunena kuti kunali mipata, kuti tinangochita mwayi, kuti anthu akuwasowa. Koma phokoso anali atalimva okha, ndipo bodza likanakhala chipongwe chachiwiri.

"Kunali bwino," ndinatero. "Mkamwini wanu sadutsika."

Anatembenuza chingwe chija m'manja. Kubwalo ng'oma inali itayamba.

"Ndinkadziwa kuti ndi wabwino, n'chifukwa chake ndinamusankha," anatero. Kenako anapumira m'mwamba. "Unanena zoona tsiku lija. Ndinali nditatha. Koma iwe, unabwera pano sabata yomweyo, unakhala pamenepo, tinamwa madzi. Ukanangondiuza. Ndikanatuluka ndekha, ndi miyendo yanga."

Ndinangoyang'ana pansi misozi ikugwera pa ndodo. Iwo anatembenuza mutu uku ndi uku, kundifuna, pakuti mosadziwa ndinali nditakhala kumanzere kwawo. Kenako anamenya mphasa ndi dzanja mbali inayo.

"Tabwera ukhale mbali ino, mphwanga, ndizikuona. Undiuze bwinobwino, chigoli choyamba chinayambira pati?"